Sakwiya, Galu wa M'chitini

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete sindilemba pano. Ndi zofanana ndi za aliyense wa msinkhu wanga: mbuzi, matekenya ndi chikoti cha aphunzitsi. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa ndi pamene pali zinthu zimene Yobe ndi Mateyu simukuzidziwa, ndiponso zimene mlongo wanu akuzidziwa bwino koma sanazikambepo ndi munthu. Dailesi, mwana wanga woyamba, mutu uno ndi wako kuposa wa alongo ako.

Chaka cha 1974

Ntchito yanga yoyamba, yomwenso ndi yokhayo imene ndinaikonda ndi mtima wonse, inali yoonetsa kanema wa boma m'midzi. Anandiphunzitsa miyezi itatu ku Lusaka, kenaka anandipatsa kalata yoti ndikayambe ku Chongwe. Ndinatsika basi pamsewu waukulu ndili ndi sutukesi yamalata ndi khadi la Chipani m'thumba la shati, poti masiku amenewo khadi lija linkatsegula zitseko zambiri kuposa satifiketi. Bwana wathu anali munthu wamfupi, waukhondo, amene tonse kumbali tinkamutcha ba Sitampa chifukwa chidindo cha ofesi ankayenda nacho m'thumba la jekete ngakhale popita kuchimbudzi. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Phiri, makina aya ni ya boma. Ngati ufuna kufa, ufe iwe, makina yasale." Ndinati inde bwana, ndipo ndinawamvera mopitirira muyeso.

Tinali ndi vani yobiriwira, dalaivala wake ba Saimoni, wa mtundu wa Asoli a komweko, amene ankadziwa kanjira kalikonse ka ngolo kuyambira ku Chalimbana mpaka kumapiri. M'vanimo munali jenereta, makina oonetsera, chinsalu choyera, chimkuzamawu, ndi zitini zafulati zozungulira mmene munkakhala mafilimu. Dongosolo silinkasintha. Poyamba tcheyamani wa Chipani alankhule mpaka anthu ayambe kuyasamula. Kenaka kanema wa akuluakulu akutsegula milatho ndi kugwirana chanza. Kenaka wa kathiridwe ka feteleza. Pomalizira penipeni, ngati nyambo yoti anthu asathawe msanga, tinkaonetsa kakanema kakafupi ka galu.

Kanali ka zithunzi zojambula pamanja, zimene ana a lero amati katuni. Kanabwera ngati mphatso kuchokera ku dziko lina lozizira, ndipo zilembo za pachitini palibe amene ankatha kuziwerenga, ngakhale ba Sitampa amene ankadzitama kuti sukulu anaimaliza yonse. Munali kagalu koyera ka khutu limodzi lakuda, ndi mwini wake, munthu wamiyendo italiitali wovala chipewa. Munthuyo sankakafuna kagaluko. Akakathamangitsa, kankabwerera kakupukusa mchira. Akatseka chitseko, kankagona pakhomo mvula ikukagwera. Tsiku lina anavula nsapato imodzi n'kukagenda nayo, ndipo iko kanathamanga kukaitola kuti kamubwezere. Koma pobwera nayo kanapeza munthu uja wakwera njinga ndi katundu wake, akuzimirira kuseri kwa phiri. Kagaluko kanakhala pamphambano, nsapato ili kukamwa. Masamba anayoyoka, kunagwa zoyera zozizira zija za kwawo, maluwa anaphuka, iko kali pomwepo. Kumapeto kadontho kanaoneka paphiri, n'kumakula, ndipo anali munthu uja, wapansi, wopanda njinga, wopanda chipewa, akutsimphina ndi nsapato imodzi. Anagwada, n'kuika dzanja pamutu pa galu. Anavala nsapato yake, ndipo awiriwo anapita kwawo limodzi.

Mawu munalibe, nyimbo yokha, choncho inali ntchito yanga kuyankhulira galu ndi mwini wake pachimkuzamawu. Apa ndiye ndinkaonetsa luso langa, ndipo sindibisa, ndinali katswiri. Ndinkalira ngati galu, ndinkakalipa ngati mwini wake, anthu n'kumagubuduka ndi phwete. Dzina la galuyo silinachokere kwa ine. Kumudzi wina cha ku Chalimbana, mkulu wina ataona nsapato ikuuluka anafuula kumbuyo kuti, "Ah, koma galu uyu sakwiya!" Kuyambira pamenepo vani ikamalowa m'mudzi, ana sankafunsa za milatho kapena feteleza. Ankathamangira m'fumbi akukuwa kuti Sakwiya wabwera.

Ku boma anandipatsa chipinda chimodzi cha mbeta, chosakwana banja. Amai anu a Velina ndi iwe Dailesi, uli ndi zaka ziwiri, munakakhala ku Nkomeshya kumene malume awo, amene anasamukirako kale kuchokera kum'mawa, anatipemphera malo olima. Ndinkabwera kumapeto kwa mwezi, ndiponso ulendo uliwonse umene njira yathu inkadutsa chakufupi. Ba Saimoni ankayatsa nyimbo pachimkuzamawu tikangowoloka dambo, ndipo tisanafike pachulu cha m'mbali mwa msewu tinkaona kanthu kakang'ono kakutuluka m'chimanga, kopanda nsapato, kakuthamanga ngati kathamangitsidwa ndi njuchi. Unkandigwira mwendo wa thalauzi osausiya mpaka kunyumba. Unkandisungira zinthu m'kapu yamalata: mtedza wokazinga, mango oyamba kupsa, masuku. Nthawi zina ndinkapeza masukuwo atawola chifukwa unkakana kuti wina awakhudze. Ndinkaseka n'kumati mwana uyu ndi wopusa. Sindinkadziwa kuti m'moyo wanga wonse palibe munthu wina amene adzandikonde motero.

Zaka za 1977 ndi 1978

Zinthu zinayamba kusowa. Sopo, mafuta ophikira, shuga, ufa, zonse zinali za pamzere. Kuntchito kwathu petulo anayamba kubwera moyeza, mababu a makina ankatha miyezi osafika, ndipo guluu womatira filimu anasowa mpaka ndinayamba kugwiritsa ntchito penti wa zikhadabo wa azimai. Nthabwala zanga zinatsatira nyengo. Zoyera zija zikamagwa kumwamba m'kanema ngati ufa, ndinkati, "Onani kwa anzathu! Unga ugwa chabe kumwamba, palibe na laini!" Anthu ankaseka mpaka misozi. Tcheyamani wina anakandinenera, ndipo ba Sitampa anandiitana. "Phiri, galu azikamba za ugalu. Nkhani ya unga si ya galu." Ndinaisiya nthabwalayo, ngakhale ndinaona kuti bwanayo akudziluma milomo kuti asaseke.

Tsopano ndikufotokozereni za kalumikizidwe ka filimu, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse cholakwa changa. Filimu ikakalamba imauma, ndipo imaduka. Ikaduka sumangolumikiza pamene yadukapo. Umayamba wadula mbali yong'ambikayo, tizithunzi tiwiri kapena titatu, n'kupala m'mphepete ndi lezala, n'kumata. Choncho ikaduka kamodzi, nkhani imafupika pang'ono. Ndipo mbali imene imavutika kwambiri ndi yakumapeto, chifukwa filimu ikatha mchira wake umakwapulakwapula pamakina mpaka uzimitse. Mafilimu a milatho ankabwera atsopano miyezi ingapo iliyonse, koma wa Sakwiya anali mmodzi yemweyo, ndipo ndinkamuonetsa kanayi pa sabata. Ndinalemba makalata atatu kupempha wina. Yankho linali lakuti kulibe, ndipo kanema wa galu si wofunika pa chitukuko.

Choyamba kutha chinali pamene awiriwo akupita kwawo. Kenaka pamene akuvala nsapato. Kenaka pamene akugwada. Tizidutswa timeneti ndinkangotitaya pansi m'vanimo, osaganizapo. Pofika kumapeto kwa 1978 ngakhale kadontho ka paphiri kanali katapita. Kanema ankathera pa Sakwiya ali pamphambano ndi nsapato kukamwa, kenaka chinsalu n'kuyera mbee. Anthu amene anamuonapo kale ankadandaula, ndipo atsopano ankafunsa kuti nanga mwini wake. Poyamba ndinkati anabwera ndithu, filimu ndiyo yatha. Koma zimenezo sizinkaseketsa munthu, ndipo ine kuseka kwa anthu kunali ngati mowa. Tsiku lina pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Sabwela uja! Anapeza galu wina ku tauni!" Bwalo lonse linaphulika. Kuyambira pamenepo amenewo ndiwo anakhala mathero a Sakwiya. Ndinkawanena m'mudzi uliwonse, osaganiza, monga mmene munthu amanenera ameni.

Pa nthawi yomweyo ndi pamene ndinadziwana ndi Joyisi. Anali telala pakhonde la sitolo ina pa Chongwe, ndipo ndinapita kwa iye ndi chinsalu chathu chitang'ambika. Sindimunenera zoipa, ndipo nanunso musamunenere. Anali mkazi wosangalala, wokonda kuseka, ndipo amene anali ndi banja ndinali ine. Pasanathe miyezi itatu makina ake osokera anali m'chipinda changa cha mbeta. Pa boma aliyense ankadziwa. Ku Nkomeshya nkhani inafika ndi anthu opita kumsika. Maulendo anga akumudzi anayamba kutalikirana: mwezi umodzi unakhala iwiri, iwiri inakhala inayi. Njira yathu ikamadutsa chakufupi ndi kwathu ndinkauza ba Saimoni kuti azimitse nyimbo ndipo tidzere msewu wakumtunda. Tsiku lina anaimitsa vani pakati pa njira, n'kundiyang'ana.

"Ba Phiri, kamwana kanu kamaimilila pa chulu paja masiku onse. Nimakaona nikapita na njinga kwa mlamu wanga. Kamanifunsa ati motoka ibwela liti."

"Mumakayankha bwanji?"

"Nimakamba ati petulo kulibe. Manje nalema kunama pa nkhani yamene si yanga."

Ndinawauza kuti ntchito yawo ndi chiwongolero. Analiza injini n'kuyendetsa vani mpaka ku boma.

Chaka cha 1979

Chaka chimenecho nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi inatifika pafupi. Ndege zinkamveka, asilikali anadzaza m'milatho, ndipo kunabwera lamulo loletsa kuwalitsa magetsi panja kukada. Kanema wa pabwalo anathera pomwepo. Tinayamba kuonetsa masana m'makalasi a sukulu, mawindo titawatseka ndi mabulangete ndi masaka, ndipo vani inkayenera kukhala itabwerera ku boma dzuwa lisanalowe. Mwezi wa Okutobala ba Sitampa anandipatsa pepala la maulendo, ndipo pa Lachinayi panali sukulu ya kwathu, imene iwe Dailesi unkaphunzirako giredi wani. Pepalalo linali ndi chidindo, kotero kuzemba kunalibe. Ndinali nditatha miyezi isanu ndi iwiri osaponda pakhomo panga.

Tinafika ana ali pamzere. Ndisanatsike bwino ndinangomva china chandiwomba m'miyendo. Unali utathawa pamzere, aphunzitsi akukuitana kumbuyo, iwe osamva. Unali utatalika, mano awiri akutsogolo atachoka. Sunandifunse kumene ndinali. Sunandifunse chifukwa chimene sindinkabwera. Unangondigwira thalauzi n'kumauza anzako onse kuti, "Ni atate anga aba! Ndiye bamene bakambitsa Sakwiya!" Unandinyamulira chitini mpaka m'kalasi, ukuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, ndipo unakhala pansi kutsogolo kwenikweni.

M'kalasimo munali motentha ngati mu uvuni. Ana anadzaza pansi, akuluakulu a m'midzi yozungulira anaima kumbuyo ndi m'mbali mwa makoma. Pafupi ndi chitseko ndinaona amai anu, Mateyu ali kumsana, Yobe atawagwira chitenje. Tinapatsana moni ndi maso okha. Tcheyamani analankhula, milatho inatsegulidwa, feteleza anathiridwa, kenaka nyimbo ya galu inayamba ndipo ana anakuwa. Tsiku limenelo ndinadzipereka kuposa masiku onse, chifukwa ndinkamva kuseka kwako pakati pa anzako ndipo ndinkafuna kuti unyadire. Nsapato inauluka, njinga inazimirira kuphiri, Sakwiya anakhala pamphambano, masamba anayoyoka. Kenaka mchira wa filimu unakwapula makina, chinsalu n'kuyera. Ana angapo anafunsa pamodzi kuti nanga mwini wake anabwera? Ine thukuta lili kamukamu, dzanja lina likuzimitsa makina, pakamwa panga panachita zimene panazolowera.

"Sabwela uja! Anapeza galu wina ku tauni!"

Ndinamva mawuwo akutuluka pachimkuzamawu ngati wanena ndi munthu wina. Kenaka akuluakulu kumbuyo anaseka, koma sikunali kuseka kumene ndinazolowera. Kunali kwa anthu amene akhala akusunga nkhani nthawi yaitali ndipo mwini wake waitulutsa yekha. Mai wina anaomba m'manja n'kunena mokweza kuti, "Apa peve bakamba zoona ba Phiri!" Mtsikana wina wamkulupo, wa giredi foro kapena faifi, anawerama n'kukunong'oneza kanthu m'khutu. Sindinamve zimene ananena, koma ndinaona msana wako ukuwongoka. Atachotsa mabulangete, kuwala kutalowa, unali ukadali pansi, ukuyang'ana chinsalu choyeracho. Sunalire. Aphunzitsi atati ana atuluke, unaimirira n'kutuluka pamzere pamodzi ndi anzako, ndipo chitini ndinachinyamula ndekha.

Amai anu anandipeza kuseri kwa vani ndikupinda waya. Anayamba atandifunsa za moyo monga mwa ulemu wawo, kenaka anatsitsa mawu kuti ba Saimoni asamve.

"Atate a Dailesi, ine mungandiseketse pa anthu, ndine mkulu, ndinazolowela. Koma mudzi wonse unali kudziwa, mwana yekha ndiye sanali kudziwa. Ndinali kumuuza kuti boma ndiyo yakugwilani, kuti mukabwela mukapeza petulo. Lelo mwamuuza mwekha, na chimkuzamawu."

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi nthabwala chabe, kuti ndimainena kulikonse, kuti filimu inaduka. Anandidula.

"Filimu yanu siniidziwa. Ine sindine galu wa m'chitini chanu, musaganize kuti nikhala pano chifukwa niyembekeza imwe. Nili na munda, nili na ana. Amene anali kuyembekeza ni uja, ndipo simunamuone bwino lelo."

Ndikanatha kugona kumudzi tsiku limenelo, ba Saimoni n'kubweza vani okha. Iwo anandiuzanso choncho. Koma ndinachita manyazi, ndipo ndinabisala kumbuyo kwa lamulo lakuti makina sagona kunja opanda mwini ntchito. Tikudutsa pachulu paja panalibe munthu. Ndinadziuza kuti mwana amaiwala msanga, kuti pofika Khirisimasi zikhala zitatha. Pa Khirisimasi sindinapite.

Chaka cha 1980

Mvula itatha ba Sitampa anandiitana muofesi n'kundiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene anali asanachitepo. Mavani a kanema ankaitanidwa kubwerera ku Lusaka chifukwa zipangizo zake zinali zitasowa. Koma ine, anati, dzina langa linali labwino kulikulu. Panali malo a woyang'anira nyumba yosungira mafilimu, udindo wokwera, ndi nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi magetsi ndi mpope. Ndikakana, chotsala pa Chongwe chinali ukalaliki wa kusitolo ya ofesi, kusunga matsache ndi mapepala, pa giredi yotsika. Anandipatsa sabata imodzi, ngakhale ananena kuti munthu wamutu wabwino safuna ngakhale ola. Joyisi atamva anayamba tsiku lomwelo kusoka makatani.

Ndinkafuna kupita. Musandiyese woyera mtima pa nkhani imeneyi. Kuyambira tsiku limene ndinagwira filimu koyamba ndinkalota nyumba yodzaza zitini, ndipo Lusaka anali kutali mokwanira kuti munthu asamve zimene zikunenedwa ku Nkomeshya. Lachitatu la sabata imeneyo ine ndi ba Saimoni tinkatsuka vani kuti tikaipereke. Nditanyamula mphira wapansi ndinapeza fumbi, machesi, ndi kachidutswa ka filimu kotalika ngati chala changa. Ndinakayang'ana padzuwa. Panali tizithunzi titatu: munthu uja atagwada, dzanja lake lili pamutu pa Sakwiya. Ndinaonetsa ba Saimoni ndikuseka, ndikuti onani mathero athu anali pansi pa mapazi anu. Iwo sanaseke.

"Ninapita kwa mlamu wanga Sondo," anatero. "Kamwana kanu ninakumana nako pa njila, kanali na nkhuni pamutu. Kanagwada, kanipatsa moni bwino bwino. Sikananifunse za motoka. Kuchokela tsiku ija sikananifunsepo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa a amai anu. Zaka zonsezo ndinkayenda momasuka chifukwa ndinkadziwa kuti kulikonse kumene ndingapite, chilichonse chimene ndingachite, pachulu paja pali munthu amene akundidikira. Ndinkaganiza kuti chikondi chimenecho ndi changa mpaka kalekale, monga cha galu wojambulidwa amene ungamuonetse kambirimbiri iye n'kumapukusabe mchira. Ndinachita mantha. Ndinaona kuti ndikakwera basi ya ku Lusaka ndidzakhala mlendo kwa mwana wanga mpaka kufa.

Lachisanu ndinalowa muofesi n'kunena kuti ndikhala. Ba Sitampa anavula magalasi.

"Phiri, uli na mutu iwe? Anzako apempha malo aya na misozi. Ufuna kupenda matsache?"

"Nifuna kukhala pafupi na ana, bwana."

"Ana unali nao zaka zonse izi. Lelo ndiye wabaona?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatulutsa chidindo m'thumba n'kuchimenya papepala mwamphamvu mpaka inki inadontha. Joyisi sanakuwe monga ndinkayembekezera. Anapinda makatani ake, anaitana mnyamata wa wilibala kudzatenga makina, ndipo pakhomo anandiuza kuti munthu ngati ine amasiya anthu pakati pa njira kulikonse, ndiye ndisadzione ngati ndasintha. Vani inapita Lolemba, chitini cha Sakwiya chili momwemo. Sindinamuonenso, ndipo ndafunsa kwa anthu ambiri, ngakhale adzukulu anga amene amapeza chilichonse pafoni, koma palibe amene anamupeza.

Ndinapita kumudzi pa njinga yobwereka, sutukesi ili kumbuyo. Amai anu anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kundiuza kuti nkhani yathu ikambidwa pamaso pa malume awo, osati pakhonde. Inakambidwadi, ndipo inatenga miyezi, koma imeneyo ndi nkhani ya akulu ndipo inatha bwino. Yobe ndi Mateyu munkangosuzumira kuseri kwa nkhokwe. Ine maso anali kunjira ya kudimba. Patapita nthawi unatulukira, Dailesi, utasenza dengu la masamba. Unandiona. Ndinaimirira, manja anga atayamba kale kutambasuka. Unatula dengu bwinobwino pakhonde, unapukuta manja pa diresi, unabwera n'kugwada patali ndithu, pamene mwana woleredwa bwino amagwadira mlendo.

"Mwafika bwanji, atate?"

Mawa lake ndinakuitana kuseri kwa nyumba n'kutulutsa kachidutswa kaja m'bokosi la machesi. Ndinakuonetsa kagwiridwe kake, m'mphepete, kuti zala zisadetse, ndipo unakakweza kudzuwa diso limodzi utatsinzina.

"Waona?" ndinatero. "Uyo ni mwine wake. Anabwela. Ndiye mwamene ithela zoona, filimu chabe ndiye inaduka. Vija ninakamba ku sukulu ni boza."

Unayang'ana nthawi yaitali. Kenaka unandibwezera ndi manja awiri.

"Naona, atate. Niyende manje? Amai anituma kumadzi."

Kuyambira pamenepo mpaka kupuma

Ndinasunga matsache, mapepala ndi mafosholo zaka zonse zotsala, ndikupalasa njinga kupita ku boma Lolemba ndi kubwerera Lachisanu, osaphonya. Chipani chimodzi chinatha, zipani zinachuluka, ba Sitampa anapuma, ine ndili m'sitolo momwemo. Za ntchito imeneyo palibe chokamba, ndipo sindinong'oneza bondo. Yobe ndi Mateyu munakula atate anu alipo. Amai anu tinakalamba limodzi, ndipo anamwalira dzanja lawo lili m'dzanja langa.

Iwe Dailesi wakhala mwana wabwino kuposa mmene ndinayenera. Unaphunzira, unakhala mphunzitsi, unandimangira nyumba yamalata imene ndikulemberamo. Mankhwala anga a shuga sanatheko ngakhale mwezi umodzi. Sunandiyankhepo mwamwano, sunanditchulirepo za Joyisi, ndipo anthu kutchalitchi amandiuza kuti ndili ndi mwayi. Ndimavomera. Koma ulendo uliwonse ukabwera umatsika minibasi, umayenda mwaulemu mpaka pakhomo, umagwada patali paja n'kundifunsa mmene ndadzukira. Ndimayankha kuti ndadzuka bwino, ndipo mumtima ndimalira, chifukwa ndikusowa mwana wanga. Ndakhala ndikumusowa kuyambira Lachinayi lija, iye ali pamaso panga.

Sindikupempha kuti uthamange. Nawenso tsopano uli ndi imvi ndipo mawondo akukuvuta. Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo ndachilemba chifukwa pakamwa ndalephera kangapo. Ukabwera ulendo uno usagwade patali. Bwera ukhale pamphasa pafupi ndi ine, undiuze zimene mtsikana uja anakunong'oneza, ndi zimene unaganiza ukuyang'ana chinsalu chija. Ukafuna kukalipa ukalipe, ukafuna kulira ulire, ine ndidzakhala chete mpaka umalize. Adokotala akuti mtima wanga watopa, ndiye usadikire Khirisimasi.